Nsanje ya a Mipando

Achimwene anga anayamba kupatsidwa ulemu ndevu zisanamere. Bambo athu atamwalira tinatsala ana anayi ndi mayi odwaladwala, ndipo iwo, poti ndiwo anali oyamba kubadwa, anasiya sukulu n'kukalowa ntchito kwa mkulu wina wokonza mipando. Tsiku limene anabwera kunyumba atanyamula sopo ndi shuga zogula okha, mayi anatiitana tonse pakhonde.

"Kuyambira lero ameneyu musadzamutchulenso dzina," anatero mayi. "Ndi achimwene anu. Ndiwo bambo a nyumba ino."

Mayi eniakewo anayamba kuwauza kuti inu. Dzina lawo la paubwana linathera pamenepo. Ine ndine wachitatu kubadwa, ndipo mpaka lero dzinalo ndimangolidziwa mumtima, pakamwa limakana kutuluka.

Atadziwa ntchito anatsegula shopu yawoyawo mumsewu wa magalaja, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa matayala akale. Anthu anawapatsa dzina loti a Mipando. M'shopumo munkanunkha guluu ndi fumbi la siponji yakale, ija imayoyoka ngati buledi wouma. Masofa osendedwa ankasanjikizana mpaka kudenga, masipuling'i ali pamtunda. Achimwene ankagwira ntchito atabwira timisomali m'kamwa, n'kumatulutsa kamodzikamodzi ndi lilime, moti munthu akawafunsa funso ankayankha ndi mutu. Ngakhale m'kamwa mukhale mopanda kanthu, sanali munthu wa nkhani zambiri.

Amene anadzakhala alamu anga anabwera pashopupo kudzafuna ntchito yosoka. Anali mtsikana wamtali, wowonda, wamawu otsika, ndipo makina ankawapalasa ngati anabadwira pomwepo. Sipanatenge nthawi, achimwene anawakwatira. Chikondi chawo sichinali chaphokoso. Achimwene akadula nsalu ankaiika pambali pa makina osanena kanthu, alamu n'kuisoka osafunsa kanthu, ndipo ikafika pampando inkakwana ndendende. Poyamba alamu ankati "a Mipando" ngati wina aliyense. Atabadwa mwana wawo wamkazi anayamba kunena kuti "abambo". Achimwene ankanyadira zimenezi. Ndinawamvapo akuuza wowotcherera uja, amene mkazi wake ankamulalatira anthu akuona, kuti, "Kwanga kulibe zimenezo. Chikwatiraneni sindinamvepo iwe m'nyumba mwanga."

Mwamuna wanga woyamba atamwalira, achimwene anadula kachipinda kumbali kwa shopu ndi mapulanga opyapyala, n'kundiika kuti ndizigulitsa siponji ndi nsalu za mipando. N'chifukwa chake zimene ndikufotokozazi ndinaziona ndi maso anga, ndipo zimene sindinaone ndinazimva, poti khomalo silinkabisa ngakhale kuyetsemula.

Nthawi imeneyo mwana wawo anali atakwatiwa kale, ndipo imvi zinali zitayamba kuwaza m'mutu mwa achimwene. Masana ena kukutentha, lole yaikulu inaima n'kutseka msewu wonse. Munatsika munthu wamfupi, wamimba, wadazi, mutu waukulu, atasenza mpando wa dalaivala umene siponji yake inali lende.

"Odi kuno! Akuti ndi kuno amachiza mipando yodwala?"

Makina a alamu anaima. Anamuyang'ana munthuyo, n'kudzuka mpando kugwera kumbuyo.

"Iwe! Dzungu! Ndiwe?"

Munthu uja anaponya mpando pansi. "Chiwala! Ukadali moyo?"

Alamu anga, amene ndinali ndisanawaonepo akuthamanga ngakhale mvula ikugwa, analumpha mulu wa siponji n'kuyamba kumukwapula munthuyo ndi tepi yoyezera. Ankaseka chikhakhali, kuseka kotulutsa misozi, kumene ine sindinkadziwa kuti ali nako. Achimwene anali akukhoma sofa. Nyundo inatsala m'mwamba. Kenako analavulira timisomali m'dzanja, pang'onopang'ono.

"Abambo, uyu ndi Dzungu," anatero alamu akupukuta m'maso. "Tinakulira mpanda umodzi, kunyumba za anthu a njanji. Taonani mutuwo, sunasinthe!"

"Ndipo miyendo ya chiwala ikadali yomweyo," anatero Dzungu. "Ameneyu, bwana, ndinkamubereka kumsana akaopa agalu."

"Mwaswera bwanji, a Dalaivala," anatero achimwene. "Mpando wanu watani?"

Lole inali kudikira katundu, choncho mawa lake Dzungu anabweranso. Anakhala pachidebe chovundikira, alamu n'kumuthirira tiyi m'kapu ya alendo. Anali munthu wa nkhani zosatha. Moyo wake wonse anathera pamsewu, kuwoloka malire a mayiko, ndipo chilankhulo chilichonse ankachidziwa pang'ono, chokwanira kugulira chakudya ndi kukangana ndi apolisi. Wowotcherera anasuzumira pakhomo kudzabwereka nyundo.

"A Mipando!" anaitana.

"Mwamva kachilembo kameneko?" anatero Dzungu. "Kumene ndachokera ulendo uno, bwana, inu mukanakhala ba Mipando. Mukawoloka malire enawo ndinu va Mipando. Kwinanso amachita ngati akufuna kunena wa, koma milomo ili yaulesi. Ndi kanthu kamodzi komweko, kamangosintha malaya."

"Ndiye anatibera ndi iwowo, kapena tinaba ndife?" anafunsa wowotcherera.

"Palibe anaba. Ndinanyamulapo mphunzitsi wina wopuma ntchito, ulendo wautali, ndipo anandiuza kuti zilankhulo zonsezi mayi wake ndi mmodzi. Ana atabalalika kalekale, aliyense ananyamula ba wake. Ena anamusunga momwemo, ena anamufewetsa, ife b tinamugwetsa panjira n'kutsala ndi a yekha. Ndipo poyambirira sanali wa ulemu ayi. Ndi a yemweyu wa anthu, ana, akazi, alendo. Ife timati anthu, iwo bantu, enawo vanhu. Ntchito yake n'kuchulukitsa. Ukafuna kulemekeza munthu umamuchulukitsa, umamuyesa gulu, kuti usamuloze ndi chala ngati mbuzi. Ndiye a Mipando apawa sali okha. Alipo ambirimbiri."

Wowotcherera anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Nanga iwe?" anafunsa alamu.

"Ine ndine mmodzi, Chiwala. Mutu wokhawu ndiye wa anthu atatu."

Onse anafa nalo phwete. Achimwene anamwetulira ndi milomo yokha, n'kupitiriza kumasula mpando. Madzulo ake, alamu atatsogola kunyumba, analowa m'kachipinda kanga n'kukhala pamatiresi ogulitsa, zimene sankachita.

"Wamva, iwe?" anatero. "Ine ndine gulu. M'nyumba mwanga momwe, mkazi wanga amalankhula ndi msonkhano."

"Aa, achimwene, zocheza zimene zija."

"Uja ndi mmodzi. Mmodzi amakwapulidwa ndi tepi. Gulu ungalikwapule?"

Ndinayesa kuwauza kuti ulemu ndi umene amuna onse a mumsewu uno amaufuna n'kuusowa. Anangoyang'ana pansi, akutolatola ulusi pathalauza.

Mpando wa Dzungu anaukonza ngati wa m'ndege. Anachotsa masipuling'i onse n'kuika atsopano, siponji anatenga yolimba kwambiri m'kachipinda kanga, chikopa n'kusankha chokhuthala, msoko uliwonse n'kuwauza alamu kuti aubwereze. Ine ndinayesa mtima wakhala pansi.

"Ndikufuna usadzang'ambikenso mpaka lole idzawole," anandinong'oneza. "Asadzapeze chifukwa chobwerera kuno."

Nzeru imeneyo inawatembenukira. Dzungu atakhala pampandowo msana unasiya kumupweteka, ndipo analalikira dzina la a Mipando paliponse pamene malole amaima. Madalaivala anayamba kubwera motsatizana, ndipo aliyense ankabwera ndi Dzungu, ati kudzamulozera njira, ngati msewu wa magalaja ndi nkhalango. Ntchito inachuluka. Achimwene anagula makina ena ndi denga latsopano, koma iwo n'kumaonda.

Dzungu sankabwera chimanjamanja. Alamu ankawabweretsera maswiti a kunja ndi ulusi wamitundu, ine mafuta odzola, achimwene anawagulira chipewa chabwino chaubweya. Chipewacho achimwene anachikoloweka pamsomali pamwamba pa chitseko, ndipo akangaude anamangamo nyumba. Lole ikangolira kumsewu, nkhope ya achimwene inkagwa. Awiriwo akayamba kukumbutsana za kunjanji, za mphunzitsi amene ankagona m'kalasi, za tsiku limene Dzungu anakodwa mutu pampanda, nyundo ya achimwene inkalira kwambiri, mpaka wogulitsa matayala ankabwera kudzafunsa ngati tikugumula nyumba. Makina a alamu, amene zaka zonsezi anali pakhomo powala, anawasunthira kumbuyo kuyang'ana khoma, ati fumbi la mumsewu likuwononga nsalu. Alamu sanatsutse. Dzungu anangonyamula chidebe chake n'kukakhala kumbuyo komweko.

Chimene chinkawapweteka achimwene n'chakuti panalibe choti agwire. Awiriwo sankabisala. Ankanyozana poyera, pamaso pa aliyense, ndipo Dzungu ankawalemekeza achimwene kuposa munthu wina aliyense. Akanakhala munthu wamwano bwenzi zili zosavuta.

Ndiye anayamba kuwaputa alamu dala. Anaganiza kuti mkazi akapsa mtima kwambiri ulemu umathawa, monga ankachitira mkazi wa wowotcherera. Tsiku lina anadula nsalu ya sofa yonse mopereweza. Alamu anaisoka, kuiyeza, n'kuona kuti siikufika.

"Abambo, kodi maso ayamba kuvuta? Tipite nanu kuchipatala akakupimeni."

Anabisa lumo la alamu. Anakana chakudya chamasana, ati mchere wachuluka, mawa lake ati wachepa. Koma alamu anga akakwiya ulemu umachita kusefukira. Mawu amatsika, msana umawongoka, mbale amaika patebulo ndi manja awiri. "Pepani abambo, talakwitsa ife. Mutiuze mmene mukufunira." Achimwene ankatuluka panja atagwira m'chiuno, n'kumayang'ana matayala akale.

Mpaka anafika kwa ine.

"Tandiuza kuti iwe," anatero, atatseka chitseko cha kachipinda kanga.

"Ndani?"

"Ineyo. Tangonena. Ndimve mmene zimamvekera."

Ndinawayang'ana, imvi zawo, magalasi ali pamphuno, manja okakala amene anatilera tonse. Ndinatsegula pakamwa. Kunatuluka kuseka, ndipo ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Sindingathe, achimwene. Ndingaone ngati mayi adzuka kumanda."

"Basi, gulitsa siponji yakoyo," anatero, n'kutuluka.

Tsiku limene zinaphulika, Dzungu anali atalowa akufuula kuti, "Chiwala, ika madzi pamoto, ndafa ndi ludzu!" M'shopu munali makasitomala. Achimwene anaika nyundo pansi.

"A Dalaivala, muno ndi muntchito. Amene mukumutchula Chiwalayo ndi mayi wa mwana wanga, ali ndi mpongozi, posachedwa akhala agogo. Muziwapatsa ulemu wawo. Nawonso azikupatsani wanu."

Dzungu anavula kapusi yake. "Mwanena zoona, bwana. Ndalakwa. Sizidzachitikanso."

Ndipo anasunga mawu ake. Ulendo wotsatira anaima pakhomo, manja kumbuyo.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka bwino, kaya inu a Dalaivala?"

Sanayang'anane. Alamu anaweramira pamakina, ulusi ali nawo kumano, mapewa akugwedezeka. Dzungu ankayang'ana kudenga, masaya atafufuma.

"Kodi a Dalaivala angalandire tiyi?"

"Angalandire, mayi. Onse amene abwera, angalandire."

Alamu anathawira kuseri kwa masofa, n'kumamveka ngati munthu wotsamwa. Kuyambira pamenepo ulemu unasanduka masewera awo atsopano. Ankapatsana moni wautali ngati akazembe, kupepesana popanda cholakwa, kuthokozana chifukwa cha supuni. Achimwene sakanadandaula, poti anapempha okha. Kale ankamva nthabwala n'kusowa poseka. Tsopano nthabwalayo anali iwo.

M'mawa wina tisanatsegule, ndikusesa kwanga, ndinamva achimwene akulankhula kuseri kwa khoma.

"Ndifunse. Chifukwa chiyani uja umamuuza iwe, ine ayi?"

Makina anali asanayambe kulira.

"Ndinakuuzanipo," anatero alamu.

"Liti?"

"Titangokwatirana kumene. Munali mutagona pansi pa sofa mukukhoma, miyendo yokha ikuoneka. Ndinakugwirani chala cha kuphazi, n'kunena kuti, iwe, tuluka udzamwe tiyi. Munatuluka, munandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa kuti, ukuitana ndani? Ndinakalirira kuseri kwa makina. Ndinati basi, nyumba ino ndi ya inu."

"Sindikukumbukira zimenezo."

"Simungakumbukire. Amene anameza ndine."

Ndinamva achimwene akukoka mpando.

"Ndinali mwana," anatero. "Sindinkadziwa kuti munthu amayankha bwanji. Ndiye nena lero."

"Lero?"

"Panopa. Tilipo awiri."

Ndinasiya kusesa. Alamu anakonza kukhosi.

"I... iwe..." Mawuwo anatuluka owonda, ngati a munthu amene akuwerenga chilankhulo chachilendo. Kenako, mofulumira, "Abambo, guluu mwamusiya wosatseka, auma."

"Ukuona?"

"Lilime linauma kalekale, nditani? Mverani. Dzungu ndimamuuza iwe chifukwa ndi Dzungu. Akapita ulendo wautali sindifunsa kuti wadya chiyani, wagona pati. Inu mukangotsokomola kamodzi ndimaimitsa makina. Simuona zimenezo?"

Ine ndinaona ngati mawu amenewo akanachiza munthu aliyense. Koma masana ake achimwene anadzatenga siponji kwanga, n'kunena osandiyang'ana kuti, "Akuti amandidera nkhawa. Nkhawa ndiye amaderanso odwala. Kuseka amakaseka ndi uja."

Tsopano ndinene mbali yanga. Dzungu anali wamasiye ngati ine, ana ake akuluakulu. Kuyambira ulendo wachitatu kapena wachinayi, akamaliza kunyozana ndi alamu ankadutsira m'kachipinda kanga kudzagula siponji. Ankagula kachidutswa ka pilo, ulendo wina kachidutswa kena, mpaka ndinamufunsa ngati m'lolemo amagonamo anthu angati. Munthu wolongolola uja akafika pakhomo panga mawu ankamuthera, n'kumangotembenuza kapusi m'manja. Alamu anazindikira msanga kuposa ine. Ndiwo anayamba kunyamula mauthenga, ndipo kunong'onezana kwawo ndi Dzungu kuseri kwa masofa, kumene kunkawasowetsa mtendere achimwene, kunali kokamba za ine. Tinagwirizana kuti achimwene auzidwe zinthu zikapsa, poti kwa ine iwo ndi bambo, ndipo mayi wa msinkhu wanga sathamangira kwa bambo ake ndi nkhani yosapsa.

Lamulungu lina masana Dzungu anafika kunyumba kwa achimwene atavala jekete lomuthina m'khwapa, nsapato zopolisha. Ine ndinali komweko, ndikuthandiza alamu kukhitchini. Achimwene anamulandira pabalaza, nkhope ili gwa. Tinaima pakhomo la kukhitchini, alamu atagwira thireyi.

"A Mipando," anayamba Dzungu, thukuta lili kamukamu padazi, "ndabwera ndi nkhani yolemera. Ndayesa kuibisa, yandikanika. M'banja mwanu muno muli munthu amene mtima wanga wakhazikika pa iye."

Achimwene anaimirira. Sindinawaonepo atatalika choncho.

"M'nyumba mwanga? Mwavala jekete kudzandiuza zimenezo m'nyumba mwanga? Mutchuleni."

"Mchemwali wanu, bwana."

Achimwene anatembenuka n'kundiyang'ana ngati sofa imene yabwera yokha pashopu.

"Uyu?"

"Yemweyo."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso.

"Ndiye nthawi yonseyi simumabwerera mayi a mwana wanga?"

"Chiwala? Pepani, mayiwa? Ayi ndithu, bwana! Ameneyu ndinamuona mamina ali mbwee, akulirira chingamu. Ndi mlongo wanga ameneyu. Ngakhale atatsala yekha padziko."

Ndinayembekezera kuti achimwene apuma mpweya wautali. M'malo mwake anakwinya nkhope.

"Bwanji?" anafunsa. "Ali ndi vuto lanji? Mumsewu monse muja muli mkazi wofanana ndi ameneyu? Mwayenda mayiko onsewo, munamuonapo wosoka ngati iyeyu, waulemu ngati iyeyu?"

Thireyi inayamba kulira m'manja mwa alamu. Anaiika pansi n'kuthawira panja, ndipo tinawamva akuseka kuseri kwa nyumba mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. Dzungu anapepesa chifukwa chosafuna mkazi wa mwini, ndipo achimwene anamukhululukira monyinyirika, kenako n'kuvomera za ine.

Ukwati wathu unali waung'ono, wa anthu akuluakulu. Achimwene anatipatsa masofa amene anakonza okha. Masiku otsatira ankaimba mluzu pantchito, makina a alamu anabwerera pakhomo powala, ndipo lamulo la moni wa akazembe linaiwalika. Ndinati nkhani yatha.

Inatha kwa kanthawi kochepa. Dzungu anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti, "Ine usandichulukitse, bedi ndi laling'ono," choncho ndinayamba kumuuza iwe, ndipo sizinandivute. Alamu nawo, poti tsopano ndinali mkazi wa Dzungu, anayamba kundimasukira, ine n'kuwamasukiranso. Tikakumana Lamulungu kwa achimwene, atatufe tinkadzazana pasofa imodzi, iwe uku iwe uku, kulandana mawu, kumenyana pamapewa. Achimwene ankakhala pampando wawo waukulu wa pakona, umene palibe wina amaukhalira, kapu yawo yapadera ili pambali, akutiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Anayamba ndi kuseka kwa mkazi wanga," anandiuza tsiku lina pondiperekeza. "Tsopano wanditengera ndi mchemwali yemwe. Munthu ameneyu adzandisiyira chiyani?"

"Bwerani mudzakhale nafe pasofa, achimwene."

"Mukanandiitana."

"Tikukuitanani."

"Mukundiitana chifukwa ndadandaula."

Umu ndi mmene alili achimwene anga. Sanamuchitirepo Dzungu choipa chilichonse. Dzungu atadwala chibayo, ndiwo anali oyamba kufika kuchipatala, atanyamula bulangete. Koma atapeza alamu afika kale ndi botolo la tiyi, anafunsa kuti anyamuka nthawi yanji, ndipo anakwera chiyani.

Zaka zapita. Dzungu anasiya malole n'kugula kagalimoto kakang'ono. Alamu anayamba kuvutika mawondo, zaka zonse zija zopalasa makina, ndipo adokotala anati azipita kuchipatala pafupipafupi. Poti galimoto m'banjamo inali imodzi, Dzungu ndiye ankawatenga. Alamu ankakhala kutsogolo kuti awongole mwendo, achimwene kumbuyo atanyamula chikwama cha alamu pamiyendo, akuona mitu iwiri ikugwedezeka ndi kuseka. Anapirira maulendo angapo. Kenako m'mawa wina wowotcherera anabwera kwanga akuthamanga.

"Tabwerani mudzaone! A Mipando ali pasukulu yoyendetsa galimoto!"

Zinali zoona. Mutu uli mbuu ndi imvi, anakhala pabenchi limodzi ndi achinyamata a msinkhu wa zidzukulu zawo, akuloweza zikwangwani za pamsewu. Dzungu atamva anapita kukadzipereka.

"Alamu, bwanji osandiuza? Ine ndikuphunzitsani bwinobwino, pabwalo la mpira paja."

"Zikomo, a Dalaivala. Ndili ndi aphunzitsi anga."

Mayeso oyamba analephera chifukwa anakwera pamwala wa m'mbali mwa msewu. Achiwiri analephera chifukwa anaima pamphambano n'kumapatsa mpata aliyense, mpaka woyesayo anatsika n'kukakwera basi. Sanagwe ulesi. Atapambana anagula galimoto yakale, injini yotsokomola, n'kuikonza mipando mpaka anthu ankaima kusuzumira pawindo. Mpando wa alamu anaupanga mwapadera, wotsetsereka kumbuyo, ndi kopumitsira bondo.

Masiku ano ndiwo amawatenga alamu kuchipatala. Dzungu saloledwa kukwera. Ulendo wapitawu tinapita kukawaona akunyamuka. Achimwene anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, mphuno ili pafupi ndi galasi, alamu ali pambali atakumbatira chikwama. Galimoto inatuluka pageti ikulira ngati ikukwera phiri. Munthu wa njinga, atanyamula matumba a makala, anawapitirira akuwaimbira belu.

"Giya yachiwiri, alamu!" anafuula Dzungu. "Yachiwiri!"

Achimwene anakweza galasi la pawindo.

Ulendo umene Dzungu ankauyenda n'kubwerako tiyi asanazizire, iwo umawatengera m'mawa wonse. Alamu amatsika atatopa, khosi litauma ndi kuyang'ana kumbuyo m'malo mwa amuna awo, koma sanapemphepo kuti awatenge wina. Tsiku limenelo atabwerako, achimwene anazungulira galimoto yonse kuona ngati yakalika, kenako anandikokera pambali.

"Uja wati chiyani za kuyendetsa kwanga?"

"Wati mukuyesetsa."

"Kuyesetsa," anatero achimwene. Anayang'ana kukhonde, kumene Dzungu anali atagwira alamu pamkono kuwathandiza kukwera masitepe. Anandipatsira makiyi m'manja n'kupita komweko mofulumira, akunena kuti, "Basi, basi, a Dalaivala, asiyeni. Ndafika."